Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Zimene Ndinaphunzira M'laibulale ya ku Wuhan

Ndikuthokoza nonse amene munandilembera pambuyo pa gawo lapitalo, ndiponso amene munandidzudzula kuti ndachedwa kupitiriza. Ambiri munafunsa ngati n'zoona kuti ophunzira a ku China sagona. Ndiyankha malinga ndi zimene ndinaona, ngakhale kuti yankho lake likundifikitsa pa nkhani imene ndakhala ndikuizengereza chiyambire kulemba mbiriyi.

Ndinakusiyani nditakhoza mayeso a chilankhulo cha Chitchaina otchedwa HSK. Chaka chotsatira anandiika m'kalasi imodzi ndi eni dziko, ndipo maphunziro onse a zomangamanga anali m'Chitchaina. Ine ndinkadziona ngati wolimbikira, chifukwa kusekondale ndinali mmodzi wa atsikana amene ankadzuka pakati pa usiku n'kuviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tithawe. Koma kulimbikira kwathu kunkabwera mayeso akayandikira. Anzanga a ku Wuhan analibe nyengo yotere, chifukwa tsiku lililonse linali lofanana ndi linzake. Kusanache, mzere unali utayamba kale pakhomo la laibulale, aliyense atanyamula fulasiki ya madzi otentha. Chitseko chikangotsegulidwa ankathamangira mipando, ndipo buku losiyidwa patebulo linkatanthauza kuti malowo ali ndi mwini wake mpaka usiku. Ena ankaima m'mbali mwa nyanja ya pasukulupo n'kumaloweza mawu a Chingerezi mofuula, osachita manyazi ndi odutsa. Masana ankadya mofulumira, kenako chipinda chonse chinkagona, mitu ili pamatebulo. Kugona kwa masanako sankakuona ngati ulesi, kunali mbali ya ndandanda. Madzulo ankawerenganso mpaka mlonda atawatulutsa cha m'ma 10 koloko. Wuhan ali kumwera kwa malire amene boma limaperekera kutentha m'nyumba, choncho m'nyengo yozizira laibulale inalinso malo othawirako chisanu.

Mtsikana uja wa ku Henan, amene anandiphunzitsa kudya ndi timitengo, anaseka nditamuuza kuti moyo umenewu undipha. Iye anati kuyunivesite n'kopumulira. Kusekondale kwawo ankadzuka 5:30 m'mawa, kuthamanga pamzere timabuku tili m'manja, kuwerenga mofuula ali chilili kuti asasinze, kenako makalasi tsiku lonse ndi kuwerenga kwa usiku mphunzitsi akuyang'anira. Kwawo ankapitako kamodzi pamwezi. Pakona ya bolodi pankalembedwa masiku otsala kuti afike pa 7 Juni, tsiku loyamba la gaokao, mayeso olowera kuyunivesite.

Amene sanakhaleko ku China sangamvetse kulemera kwa mayeso amenewa. Anabwezeretsedwa mu 1977 atayimitsidwa pa nthawi ya chipwirikiti cha Cultural Revolution, ndipo mu 2024 analembetsa ophunzira oposa 13 miliyoni. M'zigawo zambiri malikisi onse ndi 750, ndipo malikisi amenewo ndiwo amasankha sukulu imene mwana apite. Chigawo cha Henan chili ndi anthu pafupifupi 99 miliyoni, chimatumiza ana oposa miliyoni imodzi ku mayesowa, koma pa mndandanda wa mayunivesite apamwamba wa Project 211 chinali ndi imodzi yokha, ya Zhengzhou. Mwana wa mlimi wa tirigu wa kumeneko amadziwa kuti akaperewera pang'ono, njira yotsala ndi ya kufakitale. Mnzangayo anaperewera ulendo woyamba, nabwereza chaka chathunthu.

Makolo ake ankagwira ntchito kutali, m'chigawo cha Guangdong, choncho analeredwa ndi agogo ake aakazi. M'chaka chobwerezacho, mayeso atatsala pang'ono, agogowo anamwalira, ndipo banja lonse linagwirizana kuti asamuuze. Akaimba foni ankamuuza kuti agogo agona, kapena apita kwa anansi. Atamaliza pepala lomaliza anapeza bambo ake akumudikira pageti, ndipo m'malo mopita naye kunyumba anamutengera kumunda wa tirigu kumene kunali manda. Anandiuza zimenezi maso ali gwa, nati makolo ake anachita bwino, chifukwa akanadziwa akanalephera kachiwiri ndipo thukuta la agogowo likanapita pachabe. Ndinamuyang'ana ngati munthu wa dziko lina, ndipo analidi wa dziko lina. Mumtima ndinati kwathu zoterezi sizingachitike, chifukwa maliro amaimitsa chilichonse.

Chaka chachiwiri chinadutsa bwino. Ndinali nditatengera ndandanda yawo, ndili ndi fulasiki yanga ndi mpando wanga.

Mu Januwale wa chaka chachitatu, mkati mwa mayeso otsiriza teremu, achimwene anaimba. Nthawi ya ku China ili patsogolo ndi maola 6, choncho kwa ine unali usiku kale. Nditangomva kuti akundiitana ndi dzina la paubwana ndinadziwa. Anati ababa atisiya masana omwewo kuchipatala, ndipo mwambo woika ukhala mkuja. Ndinakhala pamasitepe a hostelo, chisanu chikundilowa m'mafupa, n'kumawerengera njira imene sindikanatha kuiyenda: sitima mpaka Guangzhou, ndege mpaka Addis Ababa, ina mpaka Lilongwe, kenako basi ya ku Ntcheu. Ndalama imene boma la China linkatipatsa inali ma yuan 2,500 pamwezi, ndipo tikiti yogula mwadzidzidzi inali kutali kwambiri ndi pamenepo. Ngakhale ndalamayo ikanapezeka, ndikanafika anthu atabalalika kale pasiwa. Komanso thandizo la maphunziro linkaunikidwa chaka ndi chaka, ndipo wosalemba mayeso ankaika malo ake pachiswe. Ababa anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti ndimalize Fomu 4, ndipo pa bwalo la ndege la Kamuzu anandiuza kuti ndisabwerere chimanjamanja.

Kutacha ndinapita kulaibulale chifukwa miyendo inazolowera njira imeneyo. Zilembo zinkasambira m'maso. Mnzanga wa ku Henan atamva sanandikumbatire, sanalire nane, sananene mawu achipepeso monga timachitira kwathu. Anasamutsira mabuku ake patebulo langa, nandithirira madzi otentha, nandiikira patsogolo timapepala timene anafupikitsirapo phunziro lonse ndi dzanja lake. Masana anandikoka kupita kodyera n'kudikira mpaka nditamaliza mbale. Anandiuza kuti ndilembe kaye, kulira ndilire pambuyo, ndipo iye adzakhala pomwepo. Pa ola limene ababa ankatsitsidwa m'manda ndinali nditangotuluka m'chipinda cha mayeso, ndipo achimwene anasiya foni yotsegula kuti ndimve nyimbo za amayi a chigwirizano. Ndinagwada pansi pa mtengo wopanda masamba, anthu akundilambalala kuthamangira kukalanda mipando, mnzangayo ataima pambali atandigwirira chikwama.

Apa ndilankhule ndi azakhali, popeza ndikudziwa kuti ana awo amawawerengera zimene ndimalemba. Munauza anthu pamaliro kuti Matchaina anandichotsa umunthu, ndipo ndinasankha mabuku kusiya bambo wondibereka. Mawu amenewo anandipeza ku Wuhan sabata isanathe, ndipo anandipweteka kuposa chisanu chonse cha kumeneko. Azakhali, palibe amene anandifunsa ngati ndinali ndi ndalama ya ulendo, ndipo inuyo simunaimbe ngakhale kamodzi. Ndinawalira ababa ndekha, m'chilankhulo chimene panalibe wina wochimva. Achimwene ndimawathokoza chifukwa sanandibisire monga anachitira makolo a mnzanga. Mpaka lero sindivomereza kubisa maliro chifukwa cha mayeso, ngakhale kuti ndinasiya kuweruza amene amatero.

Mayeso aja ndinakhoza onse. Mnzangayo anakhalanso chaka china m'laibulale momwemo kukonzekera mayeso a digiri yachiwiri, amene amalembedwa mu Disembala, ndipo anakhoza. Mu Julayi 2021 boma lawo litakhazikitsa lamulo lochepetsa homuweki ndi makalasi olipira a pambuyo pa sukulu kwa ana a pulayimale ndi a sekondale yoyambirira, ndinamufunsa ngati zinthu zisinthe. Anandiyankha kuti malinga ngati gaokao ilipo, makolo apeza njira ina, ndipo iyenso mwana wake sadzamulekerera.

M'gawo lotsatira ndidzakuuzani za ulendo wanga wokaona manda pa tchuthi cha Julayi, amene anandigulira tikiti, ndi zimene ndinapeza zitachitika ndi munda wa ababa.