Mbiri ya moyo wanga, gawo 4: Mpira wofiira m'tiyi

Sabata yatha ndinalekezera pamene tinasamukira ku Thyolo, bambo atapeza ntchito yotchetcha kapinga pa kalabu ina ya mabwana a m'maesiteti a tiyi. Chinali chaka cha 1994, ine ndili Sitandade 5.

Loweruka masana kunkabwera azungu ndi amwenye a ku Limbe atavala zoyera mbee, ngati akupita ku ubatizo. Ankazika timitengo titatu uku, titatu uko, wina n'kumaponya mpira, wina n'kumaumenya ndi thabwa. Amvekere ndi kiriketi. Ife ana a m'makomboni ntchito yathu inali imodzi: mpira ukagwera m'munda wa tiyi, tiziusaka.

Musaone ngati zophweka. Tiyi amalukana pamwamba ngati tebulo, ndiye umakwawa pansi pake, mawondo ali m'matope a chiperoni. Mpirawo ndi wachikopa, wofiira, wosokedwa mzere pakati, kulimba kwake ngati mwala. Tsiku lina ndinati ndiuwakhe m'malere monga ankachitira iwo. Chala changa chapakati chinapindika mpaka lero; polemba izi chikungodumpha zilembo.

Bambo atandiona ndikulira anangoti, "Iwe, masewera a eni ake amenewo. Ukatola, uzipereka, basi."

Koma mwana sauzidwa. Tinasema thabwa la bulugamu, mpira tinakulunga wa majumbo, timitengo tinathyola mapesi a chimanga. Malamulo tinkapanga tokha, ndipo mwini thabwa sankatuluka ngakhale mapesi agwe onse.

Ndinadzamva nditakula kuti nthawi imeneyo Malawi analibe timu yakeyake pa mipikisano ya ICC, bungwe loyendetsa kiriketi pa dziko lonse. Tinkaphatikizidwa ndi Zambia, Tanzania ndi Uganda mu timu imodzi ya chigawo, East and Central Africa. Chaka chomwe ine ndinkakwawa m'tiyi, timuyo inali ku Kenya pa ICC Trophy. Inakasewerakonso ku Malaysia mu 1997 ndi ku Canada mu 2001, osafika patali kwenikweni. M'kupita kwa nthawi mayikowa anayamba kuima paokha, Malawi n'kulowa ICC mu 2003. Ine zinandiwawa pang'ono: timu yoimira dziko langa, koma pa komboni pathu palibe ndi mmodzi yemwe amene anaimvapo, ngakhale bambo amene ankasalaza bwalo sabata ndi sabata.

Mu Novembala 2019 kunabwera Mozambique kudzasewera Kwacha Cup, masewero oyamba ovomerezeka a T20 (kiriketi yaifupi yotha m'maola ochepa) a timu ya amuna ya dziko lathu. Anayambira ku Lilongwe n'kudzathera ku Blantyre, ndipo chikho chinatsala konkuno. Ndinakwera minibasi kupita ku Bvumbwe kukawaonetsa bambo zithunzi pa foni. Anayamba ayang'ana anyamatawo, akuda ngati ife, mmodzimmodzi. Kenako anakulitsa chithunzi ndi zala, n'kuloza pansi.

"Kapinga ameneyu watchetcha ndani? Pakatipa wasiya wamtali."

Gawo lotsatira ndidzakamba za tsiku limene mpira wofiira uja unalowa m'thumba langa la kabudula osatulukamo.