Ndime 16 ndi foni ya amayi

Masana ndimagulitsa zovala m'shopu ya munthu ku Small Street, kuno ku Joni. Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo ndimathamangira ku Braamfontein kukaphunzira za malamulo a zofalitsa nkhani. Mwezi uno tafika pa ufulu wolankhula pa intaneti, ndipo wandisowetsa tulo kuposa mitu ina yonse.

Aphunzitsi anatiuza kuti aliyense ayerekeze malamulo aakulu a kwawo ndi a kuno. Athu a ku Malawi a 1994 sachulutsa mawu. Ndime 35 imangoti munthu aliyense ali ndi ufulu wofotokoza maganizo ake, 36 n'kukamba za atolankhani, malire ake ukawapeza kutsogolo pa ndime 44. A South Africa a 1996 amapereka ufuluwo pa ndime 16, pomwepo n'kutchula zitatu zimene satetezera: kukopa anthu kuti achite nkhondo, kutumiza anthu kuti achite ziwawa pompopompo, ndi kufesa chidani pa mtundu, fuko, chipembedzo kapena kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi, kolimbikitsa kuti ena avulazidwe. Chachitatucho ndinachilemba mzere kunsi. Ife obwera timadziwa mmene uthenga umodzi wa pa WhatsApp umatsekera mashopu msewu wonse.

Ndinkaganiza kuti poti ndili ku Joni, za kwathu ndingalembe mmene ndafunira. Kwathu kuli lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo anthu anagonapo m'chitolokosi chifukwa cha zolemba pa Facebook. Kuno nako kuli Cybercrimes Act ya 2020, imene imaletsa mauthenga oopseza ndi otuma ena kuwononga katundu. Zonsezi ndinaloweza, mayeso aang'ono ndinakhoza bwino.

Koma chimene chinandichotsetsa zolemba zanga si lamulo ayi.

Ndinalemba pa Facebook zodandaula mmene mafumu ena akugawira feteleza wotsika mtengo kumudzi kwathu. Sindinatchule dzina la munthu, sindinatukwane. Ndili mu takisi yochokera ku Bree, foni yanga ya galasi losweka ija ili pabondo, amayi anaimba. Wina anali atajambula screenshot n'kuiponya pa gulu la kumudzi.

"Mwanangu, iwe uli kutali. Ine ndikatunga madzi pa mjigo umodzi ndi anthu amenewa. Chotsa."

"Koma amayi, ndanama pati?"

"Sindinati wanama."

Tisanafike ku Turffontein ndinali nditachotsa.

M'kalasi ndinafotokoza nkhaniyi, mnzanga wa ku Soweto n'kunena kuti kumeneko n'kudziletsa wekha, boma silinakukhudze. Zoona, koma sakudziwa kuti amayi anakulira nthawi ya Kamuzu, pamene zipupa zinali ndi makutu ndipo wandakatulo Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuchokera 1987 mpaka 1991 osaweruzidwa. Kalata ya mabishopu ya mu 1992 ndi riferendamu ya 1993 zinasintha malamulo, koma mantha awo sanavotere nawo. Ndipo ine, amene chitupa changa chokhalira kuno chimadikira sitampa, ndani angandiuze kuti ndilembe momasuka za apolisi a mumzinda uno?

Ntchito yomaliza ya teremu ndasankha kulemba za mantha amenewa. Aphunzitsi akuti ndipeze anthu asanu oti ndiwafunse. Atatu avomera kale, onse ati ndisalembe mayina awo.