Octo Expansion ya Splatoon 2: masiteshoni 80 opanda wonamizira

Timu ikagonja pa intaneti mu Splatoon 2, gemu yowomberana inki ya pa makina a Nintendo Switch, wolakwa sasowa. Mwina ndi mnzanu uja anathamangira kutsogolo yekhayekha, mwina netiweki inachita chibwibwi, mwina a mbali inayo anangokhala akatswiri basi. Turf War, mpikisano wopenta malo ambiri ndi inki kuposa a mbali inayo, ndi anthu anayi mbali iliyonse kwa mphindi zitatu zokha, ndipo m'chipwirikiti chotere n'kovuta kudziwa pamene dzanja lanu lalakwa. Octo Expansion, gawo lowonjezera limene Nintendo inatulutsa mu June 2018, gemuyi isanakwanitse chaka pa Switch, imakulandani zonamizira zonsezo. Mumatsala nokha ndi kontirola, ndipo mukalephera chifukwa chake chimaonekera poyera. Phindu lake lalikulu ndi limeneli, kuposa nkhani yake kapena zovala zimene mumapata pomaliza.

Mumasewera ngati Agent 8, amene wadzidzimuka ali pansi pa nthaka, sakukumbuka kanthu. Kumeneko kuli sitima yotchedwa Deepsea Metro, ya njanji khumi, kuyambira A mpaka J, ndi masiteshoni a mayeso 80. Yerekezani ndi Octo Canyon, gawo la munthu mmodzi limene limabwera ndi gemu: masiteji 27 ndi adani akuluakulu asanu, ambiri mwa masitejiwo ndi ulendo wautali wongoyenda uku mukuwombera. Masiteshoni a mu Metro ndi aafupi, ena satha n'komwe mphindi ziwiri, koma iliyonse imafunsa luso limodzi ndipo sinyengerera.

Pakhomo pa siteshoni mumalipira mapointi a CQ, amene ali ngati ndalama za mu Metro. Nthawi zambiri amakupatsani zida ziwiri kapena zitatu kuti musankhepo, ndipo chida chovutirapo ndicho chimabweza mapointi ambiri mukapambana. Apa ndi pamene anthu ambiri amayambira kudzipweteka. Amaona chiwerengero chachikulu, n'kutola charger, mfuti yowombera patali, pamene sanaizolowere, miyoyo n'kutha, n'kulipiranso. Koyamba tengani chida chimene gemu yakulozerani, muphunzire pamene adani amatulukira ndi pamene pansi pamathera, kenako mudzabwerere ndi chovutacho. Siteshoni siithawa.

Mayeso amene amatukwanitsa anthu kwambiri ndi a mpira waukulu wa nambala 8. Muyenera kuugubuduza ndi inki mpaka kumapeto, ndipo ukangogwera kuphompho kondakitala C.Q. Cumber amalengeza kuti mwalephera, chibaluni chimene chili kumsana kwanu n'kuphulika. Cholakwika chake n'chimodzimodzi kwa aliyense: kukanikiza ZR, batani lowombera, osasiya. Mpirawo umalowera kutsogolo kwa kumene mwaima, ndiye wowongolera weniweni ndi mapazi anu, osati mfuti. Imani kaye pamzere umodzi ndi mpirawo ndi kumene mukufuna upite, womberani pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu, muusiye uime. Pokhota musawombere uli mkati moyenda. Zungulirani, dinani Y kuti kamera ibwerere pakati, muyambirenso. Zimaoneka ngati zachibwana, koma munthu amene waphunzira kuima pabwino asanawombere ndi yemweyo amene sathamangira pakamwa pa mfuti mu Splat Zones, mpikisano wa pa intaneti wolimbirana malo.

Palinso mayeso a inki yoperewera, pamene thanki yanu sidzadzanso ngakhale mumire bwanji. Pa intaneti timazolowera kupopera paliponse chifukwa kumira mu inki yanu ndi batani la ZL kumadzazanso thanki m'kanthawi kochepa. Kuno dontho lililonse lili ndi mtengo. Mumaphunzira kupenta kanjira kopyapyala kongokwana kusambiramo, kudumpha mipata m'malo moidzaza, ndi kusiya mdani amene sakutchinga njira. Bomba limadya gawo lalikulu la thanki, choncho musaliponye chifukwa cha mantha.

Mayeso okwera njanji uku mukuphulitsa zolinga ndi amene amaulula ngati makonzedwe a kontirola yanu ali bwino. Splatoon inapangidwa kuti muziloza popendeketsa kontirola, ndodo yakumanja ikhale yongotembenukira. Amene anazimitsa zimenezi tsiku loyamba chifukwa zinkawazunguza mutu amadzazimva pano, pakuti chala chachikulu pachokha sichifulumira mokwanira. Ngati mukupitirira cholinga, tsitsani mphamvu ya kupendeketsako ndi sitepe imodzi, muyese katatu musanasinthenso. Kusintha manambala nthawi iliyonse mukalephera kumangosokoneza dzanja.

Ena ndi ofotokozeka msanga: kuswa mabokosi mpaka afanane ndi chithunzi chimene mwapatsidwa, kuzemba zipolopolo mulibe chida, kuuluka ndi chida chapadera cha Inkjet kapena kugubuduka muli m'kati mwa chimpira cha Baller siteji yonse, ndi adani akuluakulu a ku Octo Canyon amene abwereranso atakwiya.

Siteshoni yotchedwa Girl Power Station ndi nkhani ina. Mumateteza chimpira chowala kwa ma Octoling, asilikali a mtundu womwewo wa Agent 8, amene amabwera motsatizana, ena ali ndi zida zapadera. Ambiri amakakamira pambali pa chimpiracho, ndipo potero amalola adani kufika pamtunda woti n'kuchiwombera. Pitani mukawachingamire kumene akutsikira. Pentani pansi pakati pa iwo ndi chimpiracho, chifukwa mdani woponda inki yanu amayenda mokoka miyendo. Chovala chanu chodzitetezera chikasweka, bwererani mmbuyo kamphindi chibwerere, pakuti panthawi imeneyo kukhudzidwa pang'ono ndi imfa. Siteshoni imeneyi ili ndi kamwayi mkati, tisakane, ndipo pena imapyola malire a chilungamo.

Chimene Nintendo inachita bwino n'chakuti kuvutaku sikutseka njira. Mukathedwa miyoyo kawiri pa siteshoni imodzi, Marina wa gulu la oimba la Off the Hook amadzipereka kuti abere makina a mayesowo, inu n'kudutsa. Mapointi akakutherani Pearl, mnzake wa Marina, amakukongozani. Ndiponso simufunika kumaliza masiteshoni onse: njanji zimakumana, ndiye mungathe kulambalala yokuvutaniyo. Chofunika ndi kutolera zinthu zinayi zimene telefoni ya pa Central Station imazitcha thangs. Mukazisonkhanitsa mumalowa gawo lothawira kumtunda, limene limayamba mulibe chida, mukuzemba alonda, n'kukathera pa chifanizo chachikulu chimene muyenera kuchikuta ndi inki m'mphindi zitatu, ndendende nthawi ya Turf War. Mukatero mumaloledwa kusewera ngati Octoling pa intaneti, chimene ambiri analipirira madola 19.99, mtengo wa gawoli mu 2018. Kuyambira mu 2022 gawoli lilinso m'gulu la zimene amapeza olembetsa Nintendo Switch Online + Expansion Pack.

Koma kudumpha kuli ndi mtengo wake. Siteshoni iliyonse imene mwaipambana ndi manja anu imakupatsani mem cake, kachidole kokumbutsa Agent 8 za moyo wake wakale. Yodumphidwa imapereka kozilala. Mukakwanitsa gulu lathunthu la ma mem cake, Iso Padre, mkulu amene amakhala phee m'sitimamo, amakupatsani chovala chogwiritsa ntchito pa intaneti.

Pali zimene gawoli silingakuphunzitseni. Ma Octoling a kompyuta sanyenga ngati munthu, sabisala mu inki kudikira kuti mutembenuke, ndipo mukawazolowera mumadziwiratu kumene atulukire. Kuyang'ana mapu, kuwerenga kuti anzanu atsala angati musanalowe m'nkhondo, kudziwa nthawi yosiya kuthamangitsa munthu n'kubwerera ku malo amene mukulimbirana, zimenezo zimaphunziridwa pakati pa anthu. Chimene mumatuluka nacho mu Metro ndi manja: kuloza, kusambira, kusamala inki, ndi kuzolowera zida zimene simukanazigwira pamene anzanu atatu akudalira inu. Ndipo mukangolitsitsa kamodzi, mayeso onsewa amaseweredwa popanda intaneti, nkhani yabwino kwa amene bandulo imawathera pakati pa mwezi.

Amene wapambana masiteshoni onse 80 osadumphako, n'kumalizanso nkhani, amapeza kabati yotseguka pa Central Station. M'menemo muli Inner Agent 3, mdani wovuta kuposa onse m'gemuyi, amene amathamanga ngati munthu weniweni ndipo amatulutsa zida zapadera motsatizana, osakupatsani mpata wopuma. Kulimbana naye maso ndi maso n'kudzipha. Bisalani kuseri kwa zotchinga, sungani pansi pamene mwaima pali inki yanu, ndipo muwombereni pamene wangotera kuchokera ku Splashdown, kudumpha kwake komenya pansi ndi inki, kapena chida chake chapadera chikangotha. Anthu amathera maola pamenepa. Mphoto yake ndi Golden Toothpick, kachotokosera mano kagolide kovala kumutu.