Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 6: Mayi Anga ndi Ana Azisudzo

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinalowa gulu la zisudzo ndili Fomu 2. Ndisanapite patali ndi za gululo, ndiyenera kunena za munthu amene analibereka kumsana, malemu mayi anga. Papita zaka chitisiyireni, koma anzanga a nthawi imeneyo tikakumana, nkhani siichedwa kufika pa iwo.

Mayi sanakwerepo pa siteji. Mawu awo anali otsika, ndipo kuimirira pagulu sankakukonda. Ntchito yawo inali yotaipa mu ofesi. Komabe sewero lililonse lomwe tinachita kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 linkadutsa kaye m'zala zawo lisanafike pakamwa pathu.

Achinyamata a lero sangamvetse kuti kuchulukitsa pepala inali ntchito yotani. Aphunzitsi ankalemba sewero pamanja m'kope limodzi, pomwe aliyense wa ife ankafunika lakelake loti akalowezere kunyumba. Kaboni, pepala loika pakati pa mapepala potaipa, imangotulutsa makope ochepa, ndipo apansiwo sawerengeka bwino. Choncho mayi ankataipa pa sitensulo, pepala lopyapyala lopakidwa phula. Madzulo akaweruka ankaika taipi yawo yakale patebulo, n'kuchotsa riboni kuti zilembo zachitsulo zizimenya phulalo n'kutsegula tinjira todutsa inki. Dzanja linkafunika lofanana. Ukamenya mofooka chilembo sichituluka, ukamenya mopitirira "o" amabooka n'kusiya dontho lakuda pa kope lililonse. Akalakwitsa ankapakapo mankhwala ofiirira onunkha ngati opaka zikhadabo, n'kuuzira kuti aume, kenako n'kutaipanso pomwepo. M'mawa ndinkanyamula masitensulowo mosamala kuti asakwinyike, kupita nawo ku makina a Gestetner a kusukulu. Dzina la makinawa ndi la David Gestetner, amene anayamba bizinesi ya zipangizo zochulukitsira mapepala ku London mu 1881. Ine gawo langa linali kupukusa chogwirira mpaka mkono kuwawa, manja ali bii ndi inki.

Nyimbo za m'sewero ndizo zinkawadyera nthawi. Zinkalembedwa mu solofa, njira ija ya d, r, m, f, s, l, t imene John Curwen anaifalitsa ku England kuyambira m'ma 1840. Kadontho kapena kamzere kakasuntha pang'ono, kugunda kwa nyimbo kwasintha. Mayi ankawerenga mipata ndi chala kuti liwu lililonse likhale pansi pa noti yake, mizere inayi, soprano, alto, tenor ndi bass, uku akung'ung'udza okha kuti amve ngati zikugwirizana.

Chifukwa chotaipa, sewero ankalidziwa kuposa ife olichita, ndipo sankabisa zomwe aona. Tsiku lina anabweza kope kwa aphunzitsi athu atachonga mzere wina ndi pensulo. "Pepani aphunzitsi, gogo salankhula chonchi kwa mdzukulu wake. Awa ndi mawu a m'buku." Aphunzitsi anaseka, nakhala pansi, ndipo awiriwo anakonza chigawo chonsecho.

Pa pulakatisi yomaliza ankabwera n'kukhala pa benchi yakumbuyo kwenikweni, kampango koyera kali m'manja. Mawu akapanda kuwafika ankangokweza kampangoko, osanena kanthu. Ine ndinaukwezetsa mpango umenewo kuposa wina aliyense. Tili pa njira yobwerera kunyumba anandiuza kuti, "Iwe, mawu ako akuthera pa mzere wachitatu. Wakumbuyo nayenso walipira. Puma kuchokera m'mimba, ndipo usameze mathero a mawu." Sanandiyamikirepo chifukwa choti ndine mwana wawo. Akati "lero wachita bwino", ndinkadziwa kuti ndachitadi bwino, ndipo ndinkagona mtima uli mbee.

Chimene ndimachilemekeza koposa ndi cha pakhomo lolowera ku sewero. Tsiku la sewero, munthu amene wataipa tsamba lililonse komanso kusoka theka la zovala zathu ankaima pa mzere ngati mlendo, ndalama ili m'manja. Mnyamata wa pakhomo ankachita manyazi. "Amayi, inu ndiye mulipirenso? Lowani." Iwo ankayankha kuti, "Mwanawe, ukandilowetsa ulere, mawa nsalu ya katani mudzagulira chiyani? Landira." Mpaka lero ndimakumana ndi anthu onena kuti amakonda luso, koma chiwonetsero chikayandikira amayamba kufufuza amene angawalowetsere kuseri. Zimandipweteka, chifukwa ndinaona ndi maso anga kuti sewero la ola limodzi limadya miyezi ya thukuta la anthu ambiri. Mayi ankaona zisudzo zathu ngati ntchito, ngakhale ochitawo tinali ana, ndipo wantchito sabwerera chimanjamanja.

Sikuti panyumba pathu panali posefukira. Bambo anali atamwalira kale, ndipo malipiro a mayi ndi omwe ankatisunga tonse. Komabe pakhonde pathu panasanduka pokumanira. Wina ankabwera ndi gitala yoduka nsambo, wina ndi ndakatulo yomwe ankaopa kuonetsa anzake. Panali mtsikana wina wachete amene ankajambula kuseri kwa mapepala otayidwa. Mayi anamugulira utoto ndi maburashi, n'kumupatsa ntchito yojambula nsalu yakumbuyo kwa siteji. Kuyambira pamenepo sitinachitenso sewero pa khoma lopanda kanthu.

Si onse ankakondwa nazo. Malume anga, achimwene awo a mayi, atamva kuti gulu lathu lasankhidwa kukapikisana ndi masukulu ena mayeso ali pafupi, anabwera kudzaletsa. Anati zisudzo ndi masewera, mwana adzalephera sukulu. Mayi anawamvetsera mpaka anamaliza, kenako analowa m'chipinda n'kutuluka ndi malipoti anga a matemu awiri. "Achimwene, taonani Chingelezi ndi Chichewa chake asanayambe zisudzo, muonenso pano. Masamu akatsika ndimuletsa ndine. Koma ulendo uwu apita."

Malume anawerenga malipotiwo kawiri, n'kuwabweza osanena kanthu. Ulendo umenewo, ndi zomwe zinatichitikira katani itatsegulidwa pamaso pa oweruza, ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.