Masiku 30 a ku Joni: ndinakaona kaye ndisanasiye ntchito

Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, madzi ochokera m'phiri anakokolola theka la kamunda kathu n'kutisiyira mchenga ndi miyala. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo malipiro anga a ku fakitale ya tiyi, komwe ndawotcherera zitsulo kwa zaka 9, anayamba kumatha mwezi usanafike pakati. Nkhani ya ku Joni inalowa m'nyumba mwathu chonchi. Kuno ku Mulanje si nkhani yachilendo, chifukwa malo ambiri anadyedwa ndi tiyi ndipo ife timagawana timizere. Agogo anga aamuna anapitako pa Wenela, mpaka mu 1974 pamene ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown, Kamuzu n'kuimitsa maulendowo. Koma iwo ankanyamuka kontirakiti ili m'manja. Ife timanyamuka ndi nambala ya foni ya alamu basi.

Ine ndinkafuna kulemba kalata yosiya ntchito. Mayi a kunyumba anakana. "Bambo a mwana, musasiye ntchito chifukwa cha zithunzi za pa Facebook. Pitani mukaone kaye ndi maso anu." Ndiye ndinapempha tchuthi cha mu Juni 2024, nthawi imene masamba amachepa ndipo fakitale sipanikizika.

Wa pasipoti ya Malawi amalowa ku South Africa popanda viza n'kukhalako masiku osapitirira 30. Masiku amenewa ndi a ulendo. Ukhoza kuona abale, kufunsira ntchito, kucheza ndi mabwana, koma kugwira ntchito ayi. Ndipo chimene ambiri timachimva mochedwa n'chakuti kuyambira mu 2014 sungasinthe chilolezo cha ulendo kukhala cha ntchito uli konko. Umayenera kubwerera kwanu, n'kukapempha kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe.

Ndinanyamula pasipoti, satifiketi ya luso langa, kalata ya kapitawo wathu yofotokoza ntchito zimene ndimagwira, ndi makope a zonsezi odinditsa. Tikiti ndinagula yopita ndi yobwerera, dala, kuti tsiku lobwerera likhale lolembedwa ngakhale mtima utadzasintha. Chimene chinandisautsa ndi marandi. Kubanki ina ku Limbe ndinapitako katatu, pasipoti ndi tikiti zili m'manja, katatu konse n'kumauzidwa kuti ndalama zakunja palibe. Mapeto ake alamu anga, mchimwene wa mayi a kunyumba, anandiuza kuti ndisiye makwacha kwa amayi awo, iwo adzandipatsa marandi ndikafika.

Basi inanyamuka ku Blantyre m'mawa. Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare usiku, Masvingo, kenako Beitbridge, chipata cholowera ku South Africa. Ife a ku Mulanje chipata tinachizolowera cha pa Muloza, pomwe munthu umawoloka kukagula chimanga ku Milange n'kubwerera dzuwa lisanapendeke. Beitbridge ndi zina. Tinaima pamzere maola ambiri, kuzizira kukulasa m'mafupa, katundu yense atatsitsidwa pansi. Nditafika pazenera, mayi wa m'katimo anafunsa zinthu zitatu: ndikupita kwa ndani, ndikakhala kuti, ndibwerera liti. Ndinaonetsa tikiti yobwerera ndi kapepala ka keyala ya alamu. Anadinda. Musachoke pazenerapo musanawerenge tsiku lolembedwa pachidindo, chifukwa si onse amapatsidwa 30 yathunthu. Mnyamata wa ku Luchenza amene tinakhala mpando umodzi anazindikira tili pafupi ndi Polokwane kuti ake ndi ochepa, ndipo panalibenso wom'funsa.

Alamu anandichingamira pa Park Station n'kupita nane ku Germiston, kukachipinda ka kuseri kwa nyumba ya munthu. Bedi limodzi, mbaula ya magetsi ya mbale ziwiri, ndowa, sutikesi pamwamba pa kabati. Chithunzi chija cha pa Facebook, ataima pafupi ndi galimoto yofiira, galimotoyo ndi ya abwana awo. Sindinafunse, ananena okha akuseka. Ine ndinkagona pansi nditavala majuzi awiri. Ndinkati chiperoni cha kwathu ndiye kuzizira, koma Juni wa ku Joni madzi a m'ndowa umaopa kuwakhudza.

Sabata yoyamba inatha n'kuphunzira kuyenda. Minibasi zawo, zimene amazitcha matekisi, zilibe kondakitala woitanira. Umaimika ndi chala: kuloza m'mwamba ndiye kuti ukupita m'tauni, kuloza pansi ndiye kuti n'chapafupi pomwepo. Ndalama mumapatsirana kuchokera kumbuyo, ndipo wokhala pafupi ndi dalaivala ndiye amawerenga n'kubweza chenji. Tsiku lina ndinakhala kutsogoloko osadziwa, anthu n'kuyamba kundiunjikira ndalama m'manja akulankhula Chizulu. Thukuta linatuluka m'nyengo yozizira.

Kufunafuna ntchitoko ndinayenda wapansi, geti ndi geti, m'dera la mafakitale la Wadeville. Mageti ambiri sunadutse n'komwe. Mlonda amangokulozera chikwangwani choti ntchito palibe. Ndipo sakunama, pakuti dzikolo anthu opitirira 30 mwa 100 aliwonse ofuna ntchito ali pa ulova, eni ake. Panja pa masitolo a zipangizo zomangira mumakhala amuna ataimirira ndi timakatoni tolembedwa luso lawo, wopenta, womanga, wamapaipi, kudikira galimoto iime. Pakati pawo ndinamva Chichewa, Chiyawo, ngakhale Chilomwe.

Malo awiri anandiuza kuti ndiyambe mawa lomwe. Mapepala sanafunse, ndalama ndi ya pamanja Lachisanu lililonse. Sindibisa, mtima unagunda. Koma nditafunsa kuti chitsulo chikandigwera phazi zikhala bwanji, bwana wina anangokweza mapewa n'kuyang'ana wotsatira.

Pa tsiku la 16 ndinapeza malo opanga mathanki ndi mapaipi a m'mafakitale. Mkulu wa pamenepo, bambo wa imvi wosalankhulalankhula, anayang'ana satifiketi yanga pang'ono chabe n'kundipatsa chisoti, magolovesi ndi zitsulo ziwiri zochindikala. Anati ndilumikize choimirira, kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Manja anali atauma ndi mphepo, moti rodi yoyamba yowotcherera inakakamira pachitsulo. Ndinapempha kuti ndichepetse kaye mantha, ndinawonjezera moto pang'ono pamakina, n'kuyambiranso. Nditamaliza anatenga kahamala, anagogoda, chikhokho chonse chinasendeka kamodzi ngati khungwa la chinangwa, mzere wa pansi uli wosalala. Anaupapasa ndi chala, anatembenuza chitsulo kuona kuseri. Kenako anandiitanira mu ofesi n'kundipatsa tiyi.

Mmenemo ndi mmene ndinamva zoona zake. Anati dzanja ndili nalo, koma kulemba mlendo popanda chilolezo ndi mlandu kwa iye, ndipo sachita. Satifiketi ya ku Malawi iyenera kuyesedwa kaye ndi bungwe la SAQA kuti aone kuti ikufanana ndi mlingo uti wa kwawoko. Amisiri amene amalipidwa bwino ndi amene anakhoza mayeso a luso a konko, otchedwa Red Seal. Pa viza ya ntchito pamafunika kalata ya wolemba ntchito, kalata ya kupolisi yoti ulibe mlandu, ya kuchipatala, ndi pepala la SAQA lija. Ndipo panthawiyo kampani inkayeneranso kutsimikizira unduna wa za ntchito kuti yalephera kupeza mwini dziko woigwira. Anandilembera kalata yoti angandilembe mapepala anga akakwana. Sanalonjeze kuti adikira mpaka liti.

Madzulo aliwonse ndinkalemba m'kope zonse zimene alamu amawononga: lendi, magetsi ogula mayunitsi, thiransipoti, ufa, ndiwo, ndi zimene amatumiza kumudzi pa Mukuru. Malipiro otsikitsitsa a lamulo chaka chimenecho anali R27.58 pa ola, ndiye kuti wogwira maola 45 pa sabata amapeza cha m'ma R5,400 pamwezi. Ukazisintha m'makwacha mutu umazungulira. Ukachotsa za m'kope muja, zotsala n'zoti munthu mmodzi apume, osati banja la ana atatu. Maganizo oti tidzasamuke tonse anathera pa tsamba limenelo, ndipo ndinawaimbira mayi a kunyumba usiku womwewo kuwauza kuti asagulitse mbuzi.

Masiku atatsala 6, alamu anayamba kundinyengerera. "Alamu, mwabwera kale. Mukabwerera mukatani? Tonse kuno tinayamba choncho." Mnzawo wina anati alipo anthu amene amatenga pasipoti yako n'kukaidinditsa kuchipata iwe uli phee, ukangolipira. Ndinakana, chifukwa chidindo chikapezeka chabodza womangidwa ndi mwini pasipoti. Lamulo la opitiriza masiku nalo n'losakambirana: ukapitirira ndi masiku osaposa 30 amakuletsa kulowa kwa chaka chimodzi, ukaposa pamenepo zaka 5. Wogwidwa m'kati amakasungidwa ku Lindela, kufupi ndi Krugersdorp, kudikira kutumizidwa kwawo. Alamu angawo masiku awo anatha zaka 4 zapitazo. Maliro a bambo awo anawaonera pa foni. Akaona galimoto ya apolisi amawoloka msewu, ndipo ine ndinaona ndekha akuchita zimenezo tikuchokera kogula buledi. Sindikuwaweruza, pakuti malata a nyumba ya apongozi anagula ndi iwo. Koma kwa eni kulibe mkuwe, ndipo ine moyo woyenda chozemba sindingauthe.

Ndinatuluka pa Beitbridge pa tsiku la 27. Lolemba lotsatira ndinali pa boyila ya fakitale yathu, anzanga akundiseka kuti Joni yandilavula.

Zala ndinakadinda kupolisi, mafomu a SAQA ndinatumiza pa intaneti kuchokera pa kompyuta ya mphunzitsi wina wa ku Chitakale. Mu Okutobala 2024 malamulo anasinthanso: tsopano amawerenga mapointi, kuyang'ana mlingo wa maphunziro, kukula kwa malipiro ndi zaka zimene wagwira ntchito, pokhapokha luso lako litakhala pa mndandanda wa maluso osowa. Ndikawerenga anga, ndi malipiro amene analembedwa m'kalata ija, sakukwana. Kalatayo ili m'jumbo pansi pa matiresi, ndipo ndayamba kufunsa za maphunziro owonjezera.

Katundu amene alamu ananditumiza ndinakapereka ndekha: bulangete lalikulu la maluwa, mafuta ophikira ndi nsapato. Ndinakhala chapatali pamkeka monga mkamwini, mayi a kunyumba n'kumasula mtolo. Apongozi anasisita bulangetelo kwa nthawi, analinunkhiza, kenako anayang'ana mwana wawo, osati ine.

"Tawafunsani bambowa. Nanga mwini wakeyo akuti abwera liti?"