"Borrow me your rubber": zomwe ndapeza pofufuza mawu amene anandichititsa manyazi

Ndili Sitandade 6 ndinaiwala labala tsiku la mayeso a masamu. Kuyankhula Chichewa m'kalasi unali mlandu, choncho ndinatembenukira mnzanga n'kunong'ona kuti, "Borrow me your rubber." Sindinadziwe kuti aphunzitsi ali kumbuyo kwanga. Anandiimika kutsogolo n'kundibwerezetsa kakhumi kuti wolandira ndiye amachita "borrow", wopereka amachita "lend". Kalasi yonse inafa ndi chikhakhali, chikhalirecho theka la osekawo nawonso ankayankhula choncho.

Sabata yatha, pokonzekera ntchito ya phunziro la mbiri ya Chingerezi, ndinathera madzulo awiri pa mawu omwewa. Zomwe ndinapeza ndikanazidziwa tsiku lija ndikanayankha, ngakhale ndikudziwa kuti chikwapu chikanandipezabe.

M'Chingerezi chakale, chomwe chinkayankhulidwa ku England zaka zoposa 1000 zapitazo, mneniyu anali "borgian", wochokera ku dzina loti "borg" kapena "borh". Tanthauzo la dzinali silinali kutenga chinthu cha mwini. Linali chikole, kapena munthu amene waimira mnzake kuti, uyu akathawa mugwire ine. Ndipo "borgian" ankatanthauza zonse ziwiri, kulandira ndi kupereka, chifukwa chomwe mawuwo ankaloza ndi chikole chomangirira anthu awiriwo. Kupita kwa nthawi tanthauzo linatsamira kwa wolandira, poti ndiye ankasiya chikole.

Apa m'pamene ndinachedwa kwambiri. M'malamulo a mfumu Cnut, yemwe analamulira England kuyambira 1016 mpaka 1035, mwamuna aliyense yemwe si kapolo akakwanitsa zaka 12 ankayenera kukhala m'kagulu ka anthu khumi. Mmodzi akapalamula, anzakewo ankayenera kumubweretsa kubwalo. Akalephera, chindapusa chinkagwera onse. Dongosololi linkatchedwa "frithborh", kutanthauza chikole cha mtendere, ndipo Anormani, anthu ochokera kumpoto kwa France, atalanda dzikolo mu 1066 linadziwika ndi dzina loti "frankpledge". Kudera la Kent mtsogoleri wa kaguluko ankatchedwa "borsholder", mkulu wa chikole. Mawu omwe lero timagwiritsa ntchito popempha cholembera, kale ankanena za anthu okonzeka kulipira mlandu wa mnansi wawo.

Ndikuwerenga izi, maganizo anathamangira kubanki mkhonde ya azakhali anga. Amakumana Lachinayi pansi pa mtengo wa mango, bokosi lili pakati ndi maloko ake atatu, makiyi ali kwa amayi atatu osiyana. Palibe amene amasiya chitupa cha nyumba. Chikole chawo ndi kudziwana. Chaka china msuweni wanga, yemwe sanali membala, anafuna mpamba wa geni ya usipa, ndipo azakhali anatenga ngongoleyo m'dzina lawo. Geni inagwa, iye n'kulowera kutauni, foni osagwira. Tsiku logawana litayandikira, amayi anayi anafika pakhomo, anakhala pamkeka, anapereka moni wautali bwinobwino, kenako wapampando anati, "Mayi, ife mwanayo sitimudziwa, timadziwa inu." Mbuzi inagulitsidwa Loweruka lake. Mngelezi wa nthawi ya Cnut akanaona zimenezi sakanafuna womasulira. Azakhali anali "borh".

Tanthauzo lakaleli silinafe msanga. M'zaka za m'ma 1300, kuchita "borwen" munthu kunkatanthauzanso kumuwombola, kumutulutsa m'ndende pomuimira. Anthu polumbira kapena potsanzikana ankatchula Yohane Woyera "to borwe", kutanthauza kuti woyerayo akhale wowaimira. M'Chijeremani mpaka lero "Bürge" ndi munthu woimira wina pangongole, ndipo "borgen" amagwira mbali zonse ziwiri, kubwereka ndi kubwereketsa. Chiafrikaans chili ndi "leen", nayenso mbali zonse. Kumadera a Minnesota ndi Wisconsin ku America, komwe kunakhazikika anthu ambiri ochokera ku Germany ndi ku Scandinavia, "borrow me" amamveka m'kamwa mwa anthu obadwira m'Chingerezi momwemo.

Ndiye ine wa Sitandade 6 ndinalakwa chiyani? Ndinangonyamula Chichewa n'kuchiveka malaya a Chingerezi. Kwathu timati "ndabwereka njinga kwa achimwene", timatinso "achimwene andibwereka njinga", ndipo palibe amasokonezeka kuti njingayo ndi ya yani. Tikafuna kulekanitsa tili ndi "kubwereketsa", monganso "kukongola" ndi "kukongoza" pa nkhani ya ndalama. Koma chinandigwira mtima n'chakuti m'mawu athu oti kubwereka khutu langa limamva kubwera ndi kubweza. Ife tikuyang'ana chinthucho, kuti chipite n'kubwerako. Angelezi akale ankayang'ana munthu amene agwidwe chikapanda kubwera. Sindikunena kuti ife tinali okhulupirirana kuposa iwo. Tili ndi chikole, pinyolo ndi katapila, ndipo amene ATM khadi yake inagonapo kwa wakatapila akudziwa kuti nafenso sitiseka pa ngongole.

Za chikole pali kena kakang'ono koseketsa. Mawu oti "wedding" akuchokera ku "wedd", dzina lina la chikole m'Chingerezi chakale. Kwathunso mnyamata wotomera amapereka chikole. Zikuoneka kuti kulikonse ukwati ndi ngongole zinkayendera njira imodzi.

"Lend" ndi "loan" mbiri yawo ndi ina. "Loan" anabwera ndi anthu a ku Scandinavia, m'chinenero chawo anali "lán", pomwe "lend" ndi wa Chingerezi chenicheni, ndipo "d" wakumapetoyo kale kunalibe, anachita kulowerera kuchokera ku mneni wa nthawi yakale. Izi ndinangozilemba m'kope n'kupitirira.

Chomwe sindinachiganizirepo n'chakuti "borrow" wamasiku ano nthawi zambiri amanena za zinthu zosabwezedwa n'komwe. Pochotsera, 42 kuchotsa 7, tinkaimba kuti "siingatheke, tibwereke 1", ndipo palibe anafunsapo kuti 1 ameneyu adzabwezedwa liti. Maenje aakulu omwe okonza misewu amasiya m'mbali mwa msewu akakumba dothi, omwe amadzaza madzi m'dzinja ana n'kumasambiramo, mainjiniya amawatcha "borrow pit". Dothilo linapita basi. Akatswiri a zinenero nawonso amati mawu ochokera kuchinenero china ndi obwereka: nsapato ndi kalata tinatenga kwa Apwitikizi, sukulu ndi buku kwa Angelezi, ndalama kwa Aluya, omwe nawonso "dirham" wawo anamutenga kwa Agiriki. Palibe anasiya chikole, palibe akubwera kudzalonjerera.

Ntchito ija ndapereka dzulo. Ndime yoyamba ndinayamba ndi nkhani ya labala, yachitatu ndi mbuzi ya azakhali. Potuluka mnzanga anandipempha kope langa la notsi, akuti, "Borrow me, ndibweza Lolemba." Ndinamupatsa, koma ndinamufunsa kaye kuti womuimira ndani.