Impso za amayi zafooka ife osadziwa

Abale anga, dzulo tinali kuchipatala ndi amayi, mpaka pano mtima wanga sunakhazikike. Chiyambire nyengo yokumba kachewere kwathu ku Angónia, msana unkawavuta, ndiye ankangogula diclofenac pamsika, awiri m'mawa awiri madzulo, kuwonjezera pa metformin wawo wa shuga. Mapazi anatupa mpaka nsapato yopitira kutchalitchi osalowa. Ife tinkangoti ndi ukalamba.

Adokotala atayeza magazi anapeza creatinine (nyansi ya m'magazi imene impso zimachotsa) wakwera, kusonyeza kuti impso zafooka. Anatifotokozera kuti impso zimasefa madzi a m'magazi pafupifupi malita 180 pa tsiku, ambiri n'kubwerera m'thupi, otsalawo ndiwo mkodzo. Mankhwala ambiri amatulukira momwemo. Metformin ndiye chiwindi sichimuphwanya n'komwe, amatuluka mumkodzo momwe analowera. Impso zikafooka, mlingo womwe unkawayanja kale uja umayamba kuunjikana m'magazi, piritsi la lero kupeza la dzulo lisanachoke. Diclofenac ndi ibuprofen nawonso amachepetsa magazi opita ku impso, makamaka kwa okalamba ndi munthu amene madzi amuthera m'thupi chifukwa chotsegula m'mimba kapena kutentha ngati kwa mumzinda wa Tete mu Okutobala.

Amayi awachepetsera metformin, diclofenac awaletseratu. Chondiwawa n'chakuti wogulitsa uja sanawafunsepo ngati akumwa mankhwala ena.

Inu amene makolo anu ali pa mankhwala a shuga, a BP kapena ma ARV okhala ndi tenofovir, mukapita kukatenga pemphani kuti awayezenso impso. Ife mwezi wamawa tibwerera kukayezetsanso magazi.